Wina wagunda galimoto yanu: adzalipira ndani?

Pa msewu wa N7, kuchokera mu mzinda wa Tete kudutsa ku Moatize mpaka ku Zóbuè, malole akuluakulu amayenda usana ndi usiku. Pakati pawo pamadutsa machapa, mapikapu odzaza matumba a mbatata za ku Angónia, njinga zamoto zonyamula anthu, ndi ngolo za ng'ombe cha m'mbali. Msewu ndi umodzi, oyendamo ndi ambiri. Kugundana kumachitika. Nthawi zambiri palibe amene wavulala, koma nyali yasweka, chitseko chapindika, kapena madzi akutayika pansi pa injini. Mkangano umayambira pomwepo: adzalipira ndani?

Ambiri amafuna kumaliza nkhani pamsewu pomwepo. Wolakwa amapisa m'thumba n'kunena kuti, "Achimwene, tengani izi, tisavutane ndi apolisi." Wogundidwa amalandira, poganiza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'mawa mwake makaniko akatsegula kutsogolo kwa galimoto, amapeza kuti chawonongeka si nyali yokha. Ndalama zija sizikwana ngakhale theka. Munthu uja wapita, foni yake sikulowa, ndipo palibe pepala lililonse losonyeza kuti ngozi inachitika.

Kumvana si kolakwa. Ngati palibe amene wavulala, anthu awiri angathe kugwirizana okha za malipiro. Koma dziwani kaye zimene lamulo limakupatsani, kuti pogwirizana mudziwe chimene mukulandira ndi chimene mukusiya.

Wowononga ndiye wokonza

Malamulo a nkhani zotere ali m'buku lotchedwa Código Civil. Bukuli linalembedwa mu 1966, nthawi ya atsamunda, ndipo mbali zake zambiri zikugwirabe ntchito m'dziko muno. Lili ndi ndime zokhala ndi manambala. Ndime imodzi m'Chipwitikizi amati artigo.

Ndime 483 imati munthu akawononga chinthu cha mnzake, mwadala kapena mosasamala, ayenera kulipira. Pamsewu zamwadala n'zochepa. Kusasamala ndiko kochuluka: kuthamanga kwambiri, kupitirira galimoto ina pokhota, kulowa mu msewu waukulu osayang'ana, kuyendetsa utamwa mowa, kuyankha foni uli pa chiwongolero. Malamulo a kayendedwe ka pamsewu ali m'buku lina, Código da Estrada, la chaka cha 2011. Munthu akaphwanya malamulo amenewo n'kugunda mnzake, kulakwa kumagwera iye.

Ndime 562 imanena kukula kwa malipiro. Imati wowonongayo abwezere zinthu mmene zikanakhalira ngoziyo ikanapanda kuchitika. Mawu amenewa muwagwire bwino. Sakunena za kangachepe ka pepani. Sakunena za ndalama zimene wolakwa ali nazo m'thumba tsiku limenelo. Akunena kuti galimoto yanu ibwerere mmene inalili, ndipo thumba lanu lisaboke chifukwa cha kulakwa kwa wina.

Nanga wogundayo akati, "Si ine, ndi mabuleki anakana," kapena kuti, "Tayala linaphulika lokha"? Mawu amenewa samupulumutsa. Ndime 503 imaona galimoto ngati chinthu choopsa mwa icho chokha. Amene amailamulira ndi kupindula nayo ndiye amasenza zoopsa zake, ngakhale iye sanalakwe kanthu. Pamenepa lamulo limaika malire a ndalama zolipira, koma kulipira kulipo. Munthu amamasuka pokhapokha ngati ngoziyo yabwera chifukwa cha wogundidwa mwiniyo, chifukwa cha munthu wina wapadera, kapena chifukwa cha chinthu cha kunja chimene palibe akanachiletsa, monga mphepo yamkuntho kugwetsera mtengo mu msewu. Mabuleki ndi matayala si zinthu za kunja. Ndi ziwalo za galimoto yake.

Dalaivala, mwini galimoto, ndi seguro

Pa malo a ngozi mumaona munthu mmodzi, dalaivala. Koma amene angakulipireni kawirikawiri ndi atatu.

Tiyerekeze kuti chakugundani ndi chapa. Dalaivala wa chapa nthawi zambiri ndi wantchito chabe. Madzulo amakapereka ndalama kwa bwana wake. Mukamuuza kuti alipire meticais 60.000, adzakuonetsani matumba opanda kanthu, ndipo mwina sakunama. Musathere pamenepo. Ndime 500 imati amene walemba munthu ntchito amayankha pa zimene wantchitoyo wawononga ali pa ntchito. Choncho mwini chapa, kapena kampani imene ili ndi lole, ali m'kati mwa mlandu ngakhale anali kunyumba kapena ku Maputo nthawi ya ngozi. Za mmene bwana ndi wantchito wake adzabwezerane, imeneyo ndi nkhani yawo.

Pali chinanso chokuthandizani. Munthu amene amayendetsa galimoto ya bwana wake, lamulo limayamba ndi kumuona wolakwa. Iye ndiye ayenera kuonetsa kuti sanalakwe. Zimenezi zili mu ndime 503 yomwe ija.

N'chifukwa chake simuyenera kungotenga dzina la dalaivala. Pemphani kuona mapepala a galimoto, livrete ndi título de propriedade, kuti mudziwe mwini wake. Pano tipatuke pang'ono. Anthu ambiri amagulitsana magalimoto ndi njinga zamoto pamanja, osasintha dzina pa mapepala. Papita zaka ziwiri, galimoto ija yachita ngozi ku Tsangano, ndipo apolisi akugogoda pakhomo pa munthu amene anaigulitsa kalekale. Mwina adzamasuka, koma atayenda maulendo ambiri ndi kufunafuna mboni. Mukagulitsa, sinthani dzina. Mukagula, chimodzimodzi.

Wachitatu ndi kampani ya seguro, imene anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amati inshuwaransi. Kuyambira pa Lei 2/2003, ya pa 21 Januwale 2003, galimoto yoyenda pamsewu m'Mozambique iyenera kukhala ndi seguro imene anthu amaitcha contra terceiros. Mawu akuti terceiro amatanthauza munthu wachitatu. Woyamba ndi mwini galimoto, amene amalipira seguro. Wachiwiri ndi kampani. Wachitatu ndinu, amene mwagundidwa. Seguro imeneyi inakhazikitsidwa chifukwa cha inu, kuti musataye zanu chifukwa choti wolakwa ndi wosauka.

Apa ambiri amasokonezeka, ndiye timvetsetsane. Seguro yanu ya contra terceiros sikonza galimoto yanu. Imakonza ya mnzanu, ngati wolakwa ndinu. Wina akakugundani, imene imalipira ndi seguro yake. Pali mtundu wina wa seguro, wokwera mtengo, wotchedwa danos próprios, umene umakonza galimoto ya mwini wake ngakhale walakwa ndi iye. Amene ali nayo angapite ku kampani yake yomwe, ndipo kampaniyo ikalimbana yokha ndi wolakwa. Koma kawirikawiri pamakhala gawo la ndalama limene mwini amalipira yekha. Gawo limeneli amati franquia.

Kampani ya seguro silipira mopanda malire. Pa pepala la mgwirizano, lotchedwa apólice, pamalembedwa ndalama zimene kampani singapitirire. Zowonongeka zikaposa pamenepo, zotsalazo amalipira wolakwa ndi mwini galimoto. Ndipo ngati galimoto yokugundaniyo ilibe seguro, kapena seguro yake inatha mwezi wathawu, mlandu sunafe. Wangobwerera kwa dalaivala ndi mwini wake, kuti alipire za m'thumba mwawo, kuwonjezera pa chindapusa cha apolisi.

Zochita galimoto zisanachoke pamalo

Mlandu wa ngozi umapambanidwa kapena kutayika m'mphindi zoyambirira. Woweruza sanalipo. Wa ku seguro sanalipo. Onsewa adzangoona zimene inu mwasonkhanitsa.

Choyamba ndi anthu. Ngati wina wavulala, za zitsulo zidikire. Wovulala apite kuchipatala, ndipo apolisi aitanidwe. Nkhani ya munthu wovulala kapena womwalira simalizidwa ndi kugwirana chanza pamsewu. Kusiya munthu wovulala n'kuthawa ndi mlandu wina pawokha. Ngati khamu lakwiya ndipo dalaivala akuopa kumenyedwa, apite molunjika ku esquadra yapafupi akadzinene yekha.

Ngati onse ali bwino, ikani ma triângulo awiri aja, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo valani kolete yowala. Musathyole nthambi n'kuzisiya mu msewu mpaka mawa. Kenako, magalimoto asanasunthidwe, jambulani ndi foni. Jambulani patali kuti msewu wonse uoneke, ndi mbali imene galimoto iliyonse ili. Jambulani pafupi malo ophwanyika, magalasi amene ali pansi, ndi mizere ya matayala pa phula. Jambulani nambala ya galimoto inayo, imene amati matrícula. Ngati mulibe foni yojambula, pemphani wina ajambule, ndipo lembani nambalayo pa pepala, ngakhale pa dzanja. Amene akuphunzira kulemba, apa ndi pamene zilembo zochepa ndi manambala ochepa zimasanduka ndalama.

Funsani dalaivala winayo carta de condução yake, mapepala a galimoto, ndi pepala la seguro. Pa pepala la seguro onani zinthu zitatu: dzina la kampani, nambala ya apólice, ndi tsiku limene seguro ikutha. Inunso muonetseni zanu.

Pezani mboni. Anthu oonerera amakhala ambiri, koma galimoto zikachoka onse amabalalika. Tengani maina ndi manambala a foni a anthu awiri kapena atatu amene anaona ndi maso awo. Amene wafika atamva phokoso sangakuthandizeni. Mayi wogulitsa tomato pambali pa msewu, amene amakhala pomwepo tsiku lililonse, ndi mboni yabwino kuposa wapaulendo amene mawa ali ku Beira.

Kenako aitaneni a Polícia de Trânsito. Iwo amayeza msewu, amajambula pa pepala mmene magalimoto aimira, chimene amati croquis, ndipo amalemba lipoti la ngozi. Angathenso kuyeza ngati madalaivala amwa mowa. Anthu amadandaula kuti kuitana apolisi n'kutaya tsiku lonse. N'zoona kuti nthawi imapita. Koma makampani a seguro amafuna lipoti limeneli, ndipo kukhoti limalemera kuposa mawu a pakamwa. Mukamapereka mawu anu, nenani zimene zinachitika basi. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, nenani, ndipo pemphani kuti zolembedwazo akuwerengereni ndi kukumasulirani musanasaine. Funsani nambala ya lipotilo ndi kumene mungakatenge kope lake. Ndalama iliyonse yolipira ku boma imakhala ndi recibo. Yopanda recibo si ya boma.

Wogunda akathawa, matrícula ndiye chuma chanu. Pitani nayo ku esquadra tsiku lomwelo. Ndi nambala imeneyo apolisi angathe kupeza mwini galimoto m'mabuku a boma.

Musathamangire kukonzetsa

Dziwitsani makampani a seguro msanga, yanu ndi ya mnzanuyo. Mapepala ambiri a seguro amapereka masiku 8 okha oti munthu anene za ngozi. Wolakwa ndiye ayenera kuuza kampani yake, koma musakhale pansi kudikira iye. Pitani nokha ndi kope la lipoti la apolisi, zithunzi, ndi mapepala a galimoto yanu. Chilichonse chimene mwapereka, sungani kope lake, ndipo pemphani kuti adinde tsiku limene alandira.

Kampani imatumiza katswiri wake, perito, kudzaona galimoto ndi kuyerekeza mtengo wokonzera. Musakonzetse iye asanaione. Galimoto ikawongoledwa ndi kupentedwa, umboni wapita, ndipo adzakuuzani kuti sakuona chimene chinawonongeka. Izi n'zowawa kwa munthu amene galimoto ndiye munda wake, koma kupirira masiku ochepa kuli bwino kuposa kutaya zonse.

Perito ndi wa kampani, ndipo kampani imafuna kulipira zochepa. Palibe chachilendo pamenepo. Inunso pitani kwa amakaniko awiri akulembereni mtengo wokonzera pa pepala, chimene amati orçamento kapena cotação. Pepalalo lionetse chitsulo chilichonse ndi mtengo wake, komanso mtengo wa ntchito. Makaniko wa pansi pa mtengo angakhale waluso kwambiri, koma ngati salemba pepala, mtengo wake ngovuta kuuteteza.

Kuwerengera zimene mwataya

Anthu ambiri amangofunsa ndalama zokonzera. Lamulo limapereka zoposa pamenepo. Ndime 564 imati malipiro ndi a zinthu ziwiri: zimene zawonongeka, ndi phindu limene munthu walephera kupeza chifukwa cha ngoziyo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Muli ndi pikapu imene imanyamula mbatata kuchokera ku Ulónguè kupita nazo ku msika ku Tete. Lole yaigunda kumbuyo. Kukonza kwakwana meticais 60.000. Kuikoka kupita nayo kwa makaniko mwalipira 5.000. Yakhala kwa makaniko masiku 10, ndipo tsiku lililonse inkakusiyirani 1.500 mutachotsa mafuta ndi malipiro a mnyamata. Masiku 10 amenewo ndi 15.000. Mukaphatikiza zonse, mwataya meticais 80.000, osati 60.000. Ngati matumba a mbatata anatayika pamsewu, nawonso amalowa m'chiwerengero.

Chovuta ndi umboni. Mtengo wokonzera uli pa pepala la makaniko. Wokoka galimoto akupatseni recibo. Nanga 1.500 ya tsiku ndi tsiku mudzaionetsa bwanji? Kakope kamene mumalembamo maulendo ndi ndalama tsiku lililonse kamathandiza. Mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola osonyeza ndalama zimene makasitomala ankatumiza amathandizanso. Anthu amene munkawanyamulira katundu angathe kuchitira umboni. Wopanda chilichonse mwa izi amangonena ndi pakamwa, ndipo winayo amakananso ndi pakamwa. Chenjezo limodzi: musakweze manambala. Woweruza akapeza bodza pa chinthu chimodzi, amayamba kukayikira zonse.

Nthawi zina galimoto imaphwanyika kwambiri moti kuikonza kungadye ndalama zoposa mtengo wake. Pamenepo a seguro amati perda total. Ndime 566 imalola kuti malipiro akhale ndalama m'malo mokonza, ngati kukonza sikutheka kapena kwakwera mopitirira muyeso. Zimene amawerengera ndi mtengo wa galimoto yanu mmene inalili ngozi isanachitike, osati mtengo wa yatsopano. Ngati chigoba chitsala kwa inu, amachotsako mtengo wake. Apa ndi pamene mikangano imakula, chifukwa galimoto yakale imene imadyetsa banja imaoneka yotsika mtengo pa pepala. Musavomere nambala yoyamba mwamsanga. Fufuzani kuti galimoto ya mtundu womwewo, ya chaka chomwecho, ikugulitsidwa zingati, ndipo bweretsani umboni wake.

Tsiku lolandira ndalama adzakupatsani pepala loti musaine. Kawirikawiri limatchedwa recibo de quitação. Tanthauzo lake ndi lakuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Ngati ndalamazo ndi za kukonza kokha, ndipo za masiku osagwira ntchito sizinalowe, mukasaina mwatseka chitseko nokha. Pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira, wodziwa kuwerenga Chipwitikizi. Palibe manyazi kunena kuti, "Ndiwerengereni kaye."

Nonse awiri mukalakwa

Si ngozi iliyonse imene ili ndi wolakwa mmodzi. Iye ankathamanga, koma inunso munaima pa msewu usiku opanda nyali zakumbuyo. Ndime 570 imalola khoti kuchepetsa malipiro, ngakhale kuwachotseratu, ngati wogundidwa nayenso anathandizira ngoziyo. Tibwerere ku meticais 80.000 aja. Khoti likati mwa magawo anayi a kulakwa, atatu ndi ake ndipo limodzi ndi lanu, mudzalandira 60.000. Inunso, kapena seguro yanu, mudzalipira gawo limodzi mwa anayi la zimene zawonongeka pa galimoto yake. Ngati magalimoto awombana ndipo sizikudziwika kuti wathandizira kwambiri ndani, ndime 506 imati agawane pakati ndi pakati. Apa ndi pamene zithunzi zija ndi mboni zija zimagwira ntchito, chifukwa popanda izo mlandu woonekeratu umasanduka wa theka ndi theka.

Mukagwirizana nokha, kapena akakana

Kaphwanyidwe kakakhala kochepa, ndipo mwasankha kumvana nokha, lembani. Pepalalo likhale ndi tsiku, malo, maina onse ndi manambala a bilhete de identidade, matrícula za magalimoto onse awiri, mawu oti wakutiwakuti wavomera kulakwa, ndalama zimene adzalipire, ndi masiku amene adzalipire. Asaine nonse pamodzi ndi mboni ziwiri. Wosadziwa kulemba adinde chala. Ndalama zikakhala zambiri, pitani nalo ku notário akatsimikize masainiwo. Ndipo musatchule mtengo makaniko asanaone galimoto. Ena amalanda makiyi kapena mapepala a wolakwa ngati chikole. Musatero mwa mphamvu, chifukwa mlandu ungatembenukire inu.

Munthu akalonjeza n'kuyamba kuzemba, mulembereni kalata yomupatsa tsiku lomaliza, ndipo sungani kope. Ngati mumakhala dera limodzi ndipo ndalama n'zochepa, tribunal comunitário ingathandize. Makhoti a m'midzi ndi m'mabairro amenewa anakhazikitsidwa ndi Lei 4/92, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa anthu pa nkhani zing'onozing'ono. Amalankhula chinenero chanu ndipo sadya ndalama zambiri. Koma kampani ya malole kapena ya seguro simungaikokere kumeneko. Nkhani zotero zimapita ku Tribunal Judicial, ya pa distrito kapena ya pa província, malinga ndi kukula kwa ndalama. Khoti limeneli likagamula ndipo munthu akukanabe, lingathe kulamula kuti katundu wake agwidwe ndi kugulitsidwa.

Ambiri amaopa khoti chifukwa cha mtengo wa loya. Constituição ya dziko lathu, mu ndime 62, imati boma liyenera kuonetsetsa kuti nzika zikufika kukhoti ndi kulandira thandizo la zamalamulo. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, imene imathandiza mwaulere anthu osowa ndalama. Ili ndi maofesi m'zigawo ndi m'madistrito ambiri. Kawirikawiri amafuna atestado de pobreza, pepala losonyeza kuti simungathe kulipira loya, limene kulipeza kumayambira kwa akuluakulu a bairro kapena a dera lanu.

Ngati imene ikuzengereza ndi kampani ya seguro, pemphani kuti ikupatseni yankho lolembedwa, lonena chifukwa chake. Mawu a pa kauntala akuti "bwerani sabata yamawa" si yankho. Akakuuzani kuti salipira chifukwa dalaivala wawo anali ataledzera kapena analibe carta, musangobwerera kunyumba. Tengani kalatayo mupite nayo ku IPAJ kapena kwa loya akaione. Makampani a seguro nawonso ali ndi wowayang'anira, kumene munthu angatumize dandaulo lake.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pabwalo la mfumu zingakhale choncho, koma m'buku la Código Civil mlandu uwu umawola. Ndime 498 imapereka zaka 3, kuwerengera kuyambira tsiku limene munadziwa kuti muli ndi ufulu wolipidwa. Pa ngozi ya pamsewu, kawirikawiri ndi tsiku la ngozi lomwelo. Zaka 3 zimaoneka zambiri, koma wochenjera amadziwa kuzidya pang'onopang'ono ndi malonjezo: tikakolola, fodya akagulidwa, bwana akabwera. Miyezi ingapo ikapita opanda kanthu m'manja, yambani ulendo wa ku IPAJ.

Lole ya kunja, galimoto ya boma, ndi ng'ombe

Chigawo cha Tete ndi njira ya mayiko atatu. Magalimoto amalowa pa Cuchamano kuchokera ku Zimbabwe, pa Zóbuè ndi Calómuè kuchokera ku Malawi, ndi pa Cassacatiza kuchokera ku Zambia. Ngozi ikachitikira m'Mozambique, malamulo ake ndi a Mozambique. Galimoto ya kunja iyenera kukhala ndi seguro yogwira ntchito m'dziko muno, ndipo ambiri amaigula pa chipata polowa. Pepala limenelo ndi limene muyenera kulijambula. Onetsetsani masiku ake, chifukwa limakhala la nthawi yochepa. Pa lole jambulani manambala onse, ya mutu ndi ya ngolo yake, chifukwa amasiyana, komanso dzina la kampani lolembedwa pa chitseko. Apa musayese n'komwe kumvana kwa pakamwa. Itanani apolisi lole isanachoke, chifukwa ikawoloka malire kuitsata n'kovuta ndi kodula.

Galimoto ya boma nayonso siili pamwamba pa lamulo. Ndime 58 ya Constituição imati boma limayankha pa zimene antchito ake awononga mosatsata lamulo ali pa ntchito. Tengani dzina la dalaivala, matrícula, ndi dzina la ofesi imene galimotoyo imagwirira ntchito. Njira ya mlandu wotere imatha kusiyana ndi ya munthu wamba, choncho funsani ku IPAJ msanga.

Ku Angónia, ku Macanga ndi ku Tsangano, chogunda galimoto si galimoto inzake nthawi zonse. Ng'ombe imatulukira mu msewu madzulo, kapena ngolo imayenda usiku yopanda chowala chilichonse. Código Civil, mu ndime 493 ndi 502, imaika udindo pa amene amayang'anira chiweto ndi pa amene amapindula nacho. Mwini ng'ombe angathe kulipira galimoto, m'malo moti dalaivala alipire ng'ombe, ngati chiwetocho chinasiyidwa chopanda m'busa. Koma ngati dalaivala ankathamanga pakati pa mudzi, ziweto akuziona patali, kulakwa kumagawidwa monga tafotokozera kale. Ng'ombe ilibe matrícula kapena seguro, choncho jambulani chizindikiro chimene ili nacho, ndipo itanani mfumu kapena secretário wa deralo abwere adzatchule mwini wake pamaso pa mboni chiwetocho chisanachotsedwe.